Lipoti la msonkhano wa ku Highfield wa za maukwati a ana athu

A Wapampando, a Mlembi, a Msungichuma, azibambo ndi azimayi anzanga a sosayiti yathu ya maliro ya ku Mabvuku ndi Tafara, landirani moni, pamodzi ndi ana athu a ku Johannesburg ndi ku Leeds amene amasonkha pa foni ndipo awerenga lipotili ali komweko. Munandituma ku msonkhano wa akuluakulu a kwathu okhala muno mu Harare, umene unachitikira mu holo ya tchalitchi china ku Highfield, wokambirana za ana athu amene akukwatirana ndi a mitundu ina ndi a zipembedzo zina. Ndapita ndipo ndabwerako bwino. Ndalama imene munandipatsa inapita ku kombi ya kuno mpaka Fourth Street, ina ya m'tauni mpaka Machipisa, kubwerera chimodzimodzi, kulembetsa pakhomo ndi nkhomaliro. Lisiti la pakhomo lili kwa a Msungichuma pamodzi ndi chenji. Ndayambira pa ndalama chifukwa zinandifika kuti ena amafunsa kuti sosayiti ya maliro ikukatani ku msonkhano wa maukwati. Amene amafunsawo akumbukire maliro amene anatigoneka panja masiku ambiri zaka zapitazi, ndipo afufuze kumene mkangano wake unayambira. Apeza kuti unayambira pa ukwati umene ankhoswe sanaukhalire pansi.

Holo inadzaza mpaka ena anakhala pa mabenchi a panja. Panali akulu a mipingo ya CCAP, Katolika, Anglican ndi Seventh Day, mashehe a ku Mbare ndi ku Epworth, akuluakulu a gule a ku Dzivarasekwa ndi ku Mufakose, ndi ife a masosayiti. Za m'mawa sindikutayitsani nazo nthawi: malonje, lipoti la chuma la okonza msonkhano, ndi phunziro la kasungidwe ka mabuku a mamembala, zimene a Mlembi athu amazichita kale.

Kenaka mkulu wina anawerenga mbiri ya mmene tinafikira kuno. Zambiri mumazidziwa. Agogo athu anabwera wapansi, ena pa malole a Ulere onyamula ofuna ntchito mwaulere, ena kudzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu a fodya ndi m'makhitchini a azungu. Mu 1912 abusa T.C.B. Vlok, mmodzi wa amene anayambitsa mishoni ya Mvera, anatumizidwa kuno kudzawasamala, ndipo mu 1965 mpingo wa kuno unalowa mu CCAP ngati sinodi payokha. Chimene mkuluyo sananene, ndipo ine ndinaimirira n'kuchinena, n'chakuti ambiri mwa amuna amenewo anabwera okha. Akazi anawasiya ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ena anali asanakwatire n'komwe. Anakwatira konkuno: Azezuru, Akorekore, Amanyika, Asena, Achikunda. Ndinapempha kuti amene makolo ake onse awiri anabadwira ku Malawi akweze dzanja, ndipo manja anali owerengeka. Ndiye tikamanena za maukwati osakanikirana ngati mliri wobwera ndi Facebook, tizikumbukira kuti tikunena za amayi athu otibereka.

Ine bambo anga anali a ku Dedza, amayi a ku Murehwa. Kwa bambo mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Kwa amayi mwana ndi wa kuchimuna, amatenga mutupo, ndiye kuti mfunda, wa bambo ake ndipo munda amakaupeza kwa bambo akewo. Choncho ku Dedza amati ndine wa ku Murehwa, ku Murehwa amati ndine wa ku Dedza. Mbali zonse ziwiri zikutsata mwambo wawo molondola, koma mwana watsala pakati, alibe munda, alibe manda a kumudzi. N'chifukwa chake makolo athu anayambitsa masosayiti ngati yathuyi, n'chifukwa chake tikuikana ku manda a Mabvuku ndi ku Mbudzi. Zikatembenuka, mayi Mchewa bambo Mshona, mwana amalimbiranidwa: malume akuti mbumba yanga, bambo akuti ndinapereka ng'ombe. Nditanena zimenezi amayi ambiri anavomera ndi mitu, chifukwa ndi moyo wawo womwewo.

Tsopano ndifike pa chimene chinandigwira mtima, ndipo apa ndichedwapo. Ndimayembekeza kuti mkangano ukhala wa achinyamata ndi akuluakulu. Achinyamata anali ochepa ndipo sanalankhule zambiri. Amene anatsutsana kolimba ndi akuluakulu okhaokha, a imvi onse, aliyense akunena kuti akuteteza za makolo, koma osagwirizana kuti za makolozo ndi ziti.

Oyamba anali abusa ena opuma, ofatsa polankhula koma osagwedezeka. Iwo anati mtundu ulibe kanthu. Anawerenga Numeri 12, pamene Miriamu ndi Aroni ananena Mose chifukwa cha mkazi wake Mkusi, ndipo amene anachita khate ndi Miriamu. Anakumbutsa za Rute Mmoabu, amene mfumu Davide inachokera mwa iye. Kwa iwo Mzezuru wobatizidwa ndi mbale wapafupi kuposa Mchewa wa kudambwe. Koma pa chipembedzo anatseka chitseko. Anawerenga 2 Akorinto 6:14 za kumangidwa m'goli limodzi ndi wosakhulupirira, anawerenganso Ezara 10, ndipo anati Chivomerezo cha Westminster, chimene a Presbyterian akhala nacho kuyambira m'zaka za m'ma 1640, chimaletsa zimenezi m'mutu 24. Pempho lawo linali lakuti mkulu wa mpingo asapezeke konse pa nikah, ukwati wachisilamu, ya mwana wake, ngakhale kukangokhala kumbuyo.

Atangokhala pansi anaimirira agogo ena a ku Dzivarasekwa, mkulu wa gule, ndodo ili m'manja, n'kutembenuza zonse. Anati mkamwini apemphere Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu, zimenezo n'zake. Mishoni inafika ku Mvera mu 1889, koma mbumba inalipo kale, Kalonga analipo kale, ndipo mpaka lero Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakakumana ku Mkaika pa Kulamba mwezi wa Ogasiti. Chimene chikuwaliza iwo ndi ng'ombe. Bambo wachichewa akalandira danga, ng'ombe za malowolo, pa mwana wake wamkazi, anatero, wagulitsa chimene si chake, chifukwa mwanayo ndi wa mbumba ya malume ake. Kwathu mkamwini ankabwera kudzakhala kuchikazi n'kumalima munda wa apongozi, ndipo akafuna kupita ndi mkazi kwawo pa chitengwa ankachita kupempha, ana n'kukhalabe a kuchikazi. Anadzudzula azibambo a kuno amene amadandaula kuti Ashona amatcha roora (malowolo) yokwera, koma mwana wawo akapeza mwamuna ndi iwo oyamba kutulutsa mndandanda wa golosale, suti ndi nsapato. Holo inaseka, koma ena anaweramitsa mitu. Pomwepo bambo wina wa ku Mzimba anadzuka mokwiya n'kunena kuti agogowo asalankhulire Amalawi onse, chifukwa kwa Angoni ndi Atumbuka a kwawo lobola ndi mwambo wa makolo ndipo ana ndi a kuchimuna. Taonani, sitinatuluke n'komwe m'malire a Malawi koma miyambo yasiyana kale.

Mashehe nawonso sanali pamodzi. Wamkulu wa ku Mbare anafotokoza modekha kuti Qur'an, sura 5 ndime 5, imalola mwamuna wachisilamu kukwatira mkazi wachikhristu kapena wachiyuda, ndipo mkaziyo sakakamizidwa kusiya chipembedzo chake. Koma mkazi wachisilamu, malinga ndi chiphunzitso cha akuluakulu awo, amakwatiwa ndi Msilamu yekha. Ananenanso chinthu chimene azimayi ambiri achikhristu sankachidziwa, chakuti mahari, mphatso imene mkwati amapereka pa ukwati, amapita m'manja mwa mkwatibwi mwiniwake, si kwa bambo ake. Anati ku Mangochi ndi ku Machinga kuli mabanja ambiri amene mlongo ali kumzikiti mchimwene ali kutchalitchi, ndipo maliro amaikira limodzi. Shehe wachinyamata wa ku Epworth anawatsutsa pamaso pathu pomwepo. Anati chololedwa si chonse chimene chili chanzeru, ndipo m'dziko muno mmene Asilamu ndi ochepa, mwana amakula ndi nyimbo za amayi ake, n'kuthera kutchalitchi. Ndinaona kuti mantha ake ndi omwe aja a abusa, kungoti wina akuyang'ana kuchokera tsidya lino wina tsidya lija.

Katekisiti wachikatolika ndi amene anabwera ndi zolembedwa m'manja. Anati kale wosakhala Mkatolika ankachita kulonjeza kuti ana onse adzakhala Akatolika, koma mu 1970 Papa Paulo VI anasintha zimenezo, ndipo malamulo a mpingo a 1983 anatsata momwemo. Lero amene amalonjeza ndi Mkatolikayo, kuti sadzataya chikhulupiriro chake ndipo adzachita zonse zimene angathe kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa m'Chikatolika. Mnzakeyo amauzidwa momveka za lonjezolo. Akakhala wobatizidwa wa mpingo wina pamafunika chilolezo cha a bishopu, akakhala wosabatizidwa pamafunika chilolezo chapadera. Ine si Mkatolika, koma ndinasirira chinthu chimodzi: funso la ana limafunsidwa ukwati usanachitike, onse awiri ali pomwepo.

Munthu amene ndimafuna nonse mukanamumva ndi mphunzitsi wina wopuma wa ku Mufakose, amene anaphunzitsa mbiri kusekondale zaka zambiri. Anayamba n'kunena kuti kusiyana kumene timakuona m'holomo si kwachilendo, ngakhale ophunzira a zaumulungu a mu Africa anakangana chimodzimodzi. John Mbiti wa ku Kenya, wansembe wa Anglican, ankaphunzitsa kuti makolo athu ankamudziwa Mulungu amishoni asanafike, ndipo chipembedzo chawo chinakonza njira ya Uthenga Wabwino. Byang Kato wa ku Nigeria, amene anamwalira mu 1975, anamutsutsa poyera kuti kumeneko n'kusakaniza. Onse awiri anali okonda Baibulo, onse awiri ankadana ndi kutengeka ndi za azungu, koma sanamvane. Mbiti mwiniwakeyo anakwatira mkazi wa ku Switzerland.

Kenaka anasimba za Seretse Khama, ndipo m'holo munangoti zii. Seretse anali woyembekezera ufumu wa Bangwato ku Bechuanaland, akuphunzira zamalamulo ku London. Kumeneko anakondana ndi Ruth Williams, mzungu, kalaliki wa ku ofesi ya inshuwalansi. Bambo ake aang'ono, Tshekedi Khama, amene ankamusungira mpando, anakana. Amishoni anayesetsa kuletsa, bishopu wa ku London sanalole kuti ukwati uchitikire m'tchalitchi, ndipo awiriwo anakalembetsa ku ofesi ya boma ku Kensington mu Seputembala 1948. Mphunzitsiyo anatiuza kuti tiyang'anitsitse amene ankakanawo, chifukwa sanali amodzi. Tshekedi ankakana chifukwa mkazi wa mfumu ndi mayi wa mtundu wonse, ndipo mwambo umati mtundu ufunsidwe kaye. Seretse anakwatira osafunsa. Boma la Malan ku South Africa linkakana chifukwa cha khungu basi, ndipo mu 1949 linakhazikitsa lamulo loletsa maukwati a azungu ndi anthu akuda. Godfrey Huggins, amene ankalamulira muno mu Salisbury, Harare wa lero, naye anaumiriza a Britain kuti Seretse asakhale mfumu. Onsewa ankadzitcha osunga dongosolo lakale.

Ndiye chinachitika n'chiyani? Nkhani inapita ku kgotla, bwalo la mtundu ku Serowe. Anakhala koyamba, anthu anakana. Anakhalanso. Atakhala kachitatu mu Juni 1949, Seretse atadzifotokozera yekha pamaso pa anthu ake, khamu lalikulu linaimirira kuvomera iye pamodzi ndi mkazi wake. Bwalo la makolo, lomwe lija anthu amati n'lakale ndi louma mtima, ndi limene linatsegula khomo. Amene anatseka ndi boma la Britain, limene linamuchotsa m'dziko lake mu 1950, ndipo chipani cha Conservative, chimene chinkadzudzula zimenezo chili kotsutsa, chitalowa m'boma chinalengeza mu 1952 kuti sadzakhalanso mfumu. Anabwerera mu 1956 atagwirizananso ndi Tshekedi, onse awiri atasiya za ufumu. Mu 1966 anakhala pulezidenti woyamba wa Botswana, ndipo mwana wa ukwati womwe uja, Ian Khama, analamulira kuyambira 2008 mpaka 2018. Mphunzitsiyo anamaliza ndi chimene chimatikhudza ife a maliro: Ruth atamwalira mu 2002 anaikidwa ku Serowe, pambali pa mwamuna wake.

Ine ndinatuluka m'gawo limenelo ndi maganizo awa, ndipo ndikuwanena monga anga. Abusa akuteteza chikhulupiriro, agogo a gule akuteteza mbumba, shehe akuteteza ana a mzikiti, ndipo aliyense ali ndi mfundo imene sindingaitaye. Koma chinthu chimene tonse tili nacho, Mkhristu, Msilamu ndi wa kudambwe, ndi unkhoswe. Sitili ndi mfumu ya mudzi kuno ku Tafara, sitili ndi kgotla, koma tili ndi mwambo wakuti ukwati usayambe popanda anthu awiri odziwika, wina kuchimuna wina kuchikazi, amene adzaitanidwa pa matenda, pa ndewu ndi pa maliro. Chimenecho ndicho chakale chimene tiyenera kuchigwira ndi manja awiri.

Ndinaziona zikugwira ntchito pamene mwana wa mchemwali wanga ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Mutoko. Akuchimuna anaumirira kupereka roora, anati akapanda kutero kwawo adzati ndi kungolowana chabe, kumene Ashona amati mapoto. Munyai wawo, mkhalapakati wa mbali ziwirizo, analowa chogwada, akuomba m'manja mofatsa, n'kumaika ndalama m'mbale yamtengo chimodzichimodzi, kuyambira vhuramuromo, yotsegulira pakamwa, mpaka rusambo, gawo lalikulu la roora. Nthawi yonseyo achimwene athu, malume a mtsikana, anali chikhalire pampando, thadzi lili m'khwapa. Atamaliza alendowo, achimwene anati tsopano timve za kwathu. Anapempha tambala, amene tinali titawauziratu kuti abwere naye, n'kusinthana ndi thadzi lija. Anatulutsa lichero ndi mthiko, khasu ndi nkhwangwa, n'kulangiza awiriwo. Ng'ombe ya amayi, mombe yeumai, anailandira ndi manja awiri, anati imeneyo ikugwirizana ndi kwathu chifukwa imalemekeza wobereka. Danga anati lichepe kwambiri, kuti pasadzakhale wonena kuti anagula ana. Kenaka anafunsa zimene anthu amaopa kufunsa pa tsiku lachisangalalo: ana adzapemphera kuti, pa holide adzaloledwa kupita kwa malume awo kapena ayi, ndipo mmodzi mwa awiriwa akatsogola adzagona kuti. Vatete a mnyamata, mlongo wa bambo ake, anayamba adabwa, kenaka anatulutsa kope m'chikwama n'kulemba zonse, ndipo mbali ziwiri zinasaina. Ndinasimba zimenezi kumsonkhano ndipo shehe wamkulu uja anapempha kuti ndibwereze mafunsowo kuti alembe.

Masana kunabwera loya, mtsikana ndithu, mdzukulu wa anthu a ku Nkhotakota. Ndinalemba zochepa zimene tonse tiyenera kuzidziwa. Lamulo la maukwati la 2022, Chapter 5:17, linalowa m'malo mwa aja awiri tinazolowera, 5:11 ndi 5:07. Ukwati wa kukhoti kapena wa kutchalitchi wokhala ndi setifiketi ndi wa mkazi mmodzi, wa mwambo umalola mitala, ndipo mafumu tsopano akhoza kumanga ukwati wa mwambo m'dera lawo. Mwana wosakwana zaka 18 sakwatiwa, kaya ndi mwambo kaya ndi chipembedzo. Khoti la Constitutional Court linagamula choncho mu Januwale 2016, ndipo ku Malawi anakonza malamulo awo aakulu mofananamo mu 2017. Koma mfundo imene inandilasa ndi iyi: kuyambira 1982, mtsikana akakwana zaka 18 ndi munthu wamkulu pamaso pa lamulo, ndipo akhoza kukwatiwa popanda chilolezo cha bambo ake. Ndiye kholo likanyanyala, ukwati umachitikabe. Chimene chimasowa ndi nkhoswe basi. Loyayo ananenanso kuti kuyambira 1997 mwamuna akamwalira osasiya wilo, nyumba imene banja linkakhalamo imapita kwa mkazi wotsalayo, koma ngati ukwati sunalembetsedwe amafunika achibale omuchitira umboni kuti analidi mkazi wake. Ngati achibalewo ndi omwe aja anakana kubwera ku ukwati, mukuganiza kuti adzachitira umboni ndani?

Apa ndiye ndiyenera kunena za pakhomo pathu, ngakhale ndikudziwa kuti ena sakondwa. Chaka chatha membala wathu, mayi wamasiye amene sanaphonyepo chopereka, anapempha tenti ndi mapoto akuluakulu a sosayiti pamene mwana wake ankakwatiwa ndi mnyamata wachisilamu. Anauzidwa kuti katundu wa sosayiti ndi wa maliro okha. Patangopita milungu yochepa tenti yomweyo inaima pa phwando la tsiku lobadwa kwa membala wina, mapoto omwewo akuphikira mpunga. Nkhaniyi ndinaifunsa pa msonkhano wathu ndipo ndinauzidwa kuti tidzakambirana, mpaka lero. Mayiyo anakabwereka mapoto kwa anzake a kumsika, anaphika yekha ndi ana ake, ndipo kwa ife kunapita anthu ochepa zedi. Sosayiti ino inayambitsidwa ndi Akhristu ndi Asilamu pamodzi, a ku Dedza ndi a ku Mangochi, pa nthawi imene munthu wa kwathu akamwalira panalibe womunyamula. Ndani anatipatsa mphamvu yosankha kuti mwana wa membala uyu ndi woyenera mapoto, wa uyu ayi?

Palinso maliro aja a mpongozi wa membala wathu, amene achibale ake anakana kuti aikidwe mpaka ng'ombe zotsala za roora ziperekedwe. Thupi linakhala kumotchale, bilu ikukwera, ife tikugona panja ndi kuphika tsiku ndi tsiku mpaka thumba la chakudya linatha. Tinawanena achibalewo kuti ndi ouma mtima. Koma pamene awiriwo ankalowana, mbali yathu sinatumize munthu aliyense kukaonekera kwawo kwa mtsikana, ati chifukwa anali wa Apositoli. Anthu amene sanationepo pa chisangalalo anayamba kutiona pa maliro, ndipo anatilandira monga alendo amene ali ndi ngongole.

Ndiwonjezere ya malamulo athu. Ndime imene imati mkazi kapena mwamuna wa membala amathandizidwa pokhapokha pali setifiketi inalembedwa ndi mtima wabwino, koma ikupweteka omwe amanga ukwati wa mwambo kapena nikah. Ndipo anzathu achisilamu amaika maliro tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, pamene ife ndalama imatuluka osainira onse akapezeka, nthawi zina mwambo utatha kale. Anthu a sosayiti ina ya ku Mbare anandiuza pa nkhomaliro kuti iwo amasunga kandalama kapadera kwa msungichuma kuti nsanda ndi galimoto zipezeke tsiku lomwelo. Ife chikutikanika n'chiyani?

Za nkhomaliroyo ndinene pang'ono. Okonza msonkhano anapempha shehe kuti azinge mbuzi m'mamawa, nkhumba panalibe, ndipo a Seventh Day anawaphikira nyemba ndi masamba pambali. Abusa aja ndi agogo a gule anapezeka pa benchi imodzi, beseni la madzi osamba m'manja likuchoka kwa wina kupita kwa mnzake, akukanganabe za ng'ombe nsima ili m'manja. Palibe amene anasintha maganizo, koma palibenso amene anadzuka kukadyera kwina.

Gawo la za kakonzedwe ka bajeti ya phwando la ukwati ndi la nyimbo zoyenera linadutsa mwachangu, ndipo munalibe chatsopano.

Pa zomanga, msonkhano unagwirizana kuti mpingo, mzikiti ndi sosayiti iliyonse ikhale ndi akuluakulu odziwika amene angaimire ngati ankhoswe kwa ana amene malume awo ali kutali kapena anamwalira. Imeneyi ndinaiombera m'manja, chifukwa ana athu ambiri malume awo sanawaonepo. Unagwirizananso kuti zimene mabanja awiri apangana pa za ana, mapemphero ndi maliro zizilembedwa ndi kusainidwa, ndipo awiriwo azilimbikitsidwa kukalembetsa ukwati kuboma. Ganizo loika malire pa roora linagwa, ndipo linayenera kugwa, chifukwa sitingaikire malamulo mabanja a eni dziko. Chimene tingathe n'kudziletsa ife eni tikamakwatitsa ana athu. Ganizo la abusa lakuti akuluakulu asamapite ku maukwati a chipembedzo china linakambidwa nthawi yaitali, ndipo pomaliza anati mpingo uliwonse uone wokha. Pa limeneli panali kukweza manja, ndipo ine ndinakweza kukana ganizo la abusalo. Ndikudziwa kuti ena anena kuti munandituma kukamvetsera chabe, ndipo ndine wokonzeka kuyankha pamaso panu. Abusawo ndimawalemekeza, ndipo sindikunena kuti m'busa adalitse chimene chikumbumtima chake chikukana. Kudalitsa ndi kwa abusa. Koma kukhala pa mphasa pamene mwana wako akuperekedwa ndi udindo wa kholo, ndipo 1 Akorinto 7, imene imauza wokhulupirira kuti asasiye mnzake wosakhulupirira wofuna kukhala naye, ili m'Baibulo lomwelo limene muli 2 Akorinto 6.

Okonza msonkhano apempha kuti gulu lililonse litumize mayina a akuluakulu ake oimira unkhoswe mwezi uno usanathe, mwamuna ndi mkazi, ndipo ngati n'kotheka wina Mkhristu wina Msilamu. A Mlembi, chonde ikani zimenezi pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wathu ukubwerawu, pamodzi ndi ndime ya setifiketi ija, ndalama ya maliro a tsiku lomwelo, ndi nkhani ya tenti ndi mapoto. Pa ya mapotoyo ndikupempha kuti mayi aja aitanidwe ndipo komiti iwayankhe iwo eni ali pomwepo. Mapepala amene loya anagawa ndawasiya kwa a Wapampando, ndipo wofuna kuwerenga akawapeze kumeneko.